Ndime Imene Ndinatsiriza Msanga ku Madinat Khalifa

"Ukamalima ganyu, usamatsirize ndime mwini munda akuona."

Amene anandiuza mawu amenewa ndi azakhali anga, ine ndili kamtsikana, tikupalira chimanga cha munthu wina kuseri kwa phiri kwathu ku Namwera. Ndinali nditangoponya khasu pansi n'kuyamba kudzitama kuti ndawapitirira akuluakulu onse. Azakhaliwo sanaseke. Anandikoka khutu n'kundilozera ndi mlomo pachulu pamene mwini munda anakhala, ndodo ili pamaondo. "Wamuonetsa kuti ndime imene anatiyezera ndi yochepa. Mawa uona." M'mawa mwake bamboyo anabwera ndi nsungwi ina yoyezera, yotalikirapo kuposa ya dzulo lake, ndipo anatiyezera tonse, osati ine ndekha. Tsiku limenelo tinaweruka dzuwa litapendeka, ndipo amayi onse a paganyupo sanandilankhule mpaka kukafika kumudzi.

Chenjezo limenelo ndinalisunga zaka zambirimbiri. Ndinawauza ana anga, ndinawauzanso adzukulu anga akuluakulu. Koma ndinadzaliiwala kuno ku Doha, m'nyumba ya mpanda wautali ku Madinat Khalifa, ndili kale ndi imvi pansi pa mpango. Ndikulemba izi kuti mumve kwa mwini wake, chifukwa ndamva kuti nkhani yanga ikukambidwa m'zipinda za ku Al Muntazah kumene anthu a kwathu amasonkhana Lachisanu, ndipo okamba ake sanalipo.

Ndinafika m'nyumbayi nyengo yotentha, ija yoti ukatsegula chitseko mpweya umakumenya kumaso ngati wayandikira ng'anjo ya njerwa. Ndinapezamo mayi wina wa kwathu, wa ku Makanjira, msinkhu wa mwana wanga woyamba. Anali atagwiramo zaka zinayi, ndipo kumudzi anasiya ana atatu. Mnzake amene ankagwira naye anali atabwerera kwawo, ine ndinabwera kudzalowa m'malo mwake. Koma tsiku lachiwiri lomwelo madamu, akazi a abwana a nyumbayi, anatiimika tonse awiri m'khitchini. Ankalankhula Chingerezi chosakaniza ndi Chiarabu, ndipo wondimasulira anali mayi wa ku Makanjira uja. Anati abwana akuona ngati nyumbayi siikufunika antchito awiri. Choncho madamu ayang'anitsitsa kwa miyezi itatu. Ntchito ikaoneka kuti ndi ya anthu awiri, tikhala tonse. Ikaoneka kuti ndi ya munthu mmodzi, wina abwezedwa kwa ejenti amene anatipezera ntchito.

Ndinamuyang'ana womasulirayo. Ankamwetulira. Ine munthu womwetulira pa nkhani ngati imeneyo sindimukhulupirira. Moyo unandiphunzitsa kale: amuna anga atamwalira, amene anayamba kubwera ndi misozi ndi omwewo anadzazula zikhomo za munda wanga. Ndiye ndinayamba kusinkhasinkha. Uyu ndi wachitsikana, chinenero akuchidziwa, sipuni iliyonse akudziwa pamene imagona. Ine maondo amalira ndikamakwera masitepe. Wochoka ndani pamenepa? Komanso ndikanadziwa bwanji kuti zimene wandimasulira ndi zimene madamu anenadi?

Madamu atatuluka, mayiyo anandigwira pamkono.

"Anganga, musade nkhawa. Nkhaniyi ndi yosavuta. Chachikulu muzigwira shuwaya shuwaya."

"N'chiyani chimenecho?"

"Pang'onopang'ono. Kuno sitiweruka ayi. Ntchito ya kuno ndi ya maawazi, si ya ndime. Mukatha msanga mulibe kopita."

"Ndiye ndizichita ulesi dala?"

"Si ulesi, anganga. Ndi kuiyala ntchito kuti ikwane tsiku lonse."

Ndinangoti ndamva. Koma mumtima ndinati, wayamba. Akufuna ndioneke nkhalamba yofooka kuti tsiku losankha likafika madamu asavutike.

Muyenera kumvetsa kumene ndinachokera. Ine ndinakula osaona wotchi m'nyumba. M'mudzi monse inalipo imodzi, pamkono pa aphunzitsi, ndipo nayonso inkaima kawirikawiri. Tambala woyamba ankadzutsa amayi, wachiwiri ankadzutsa ife. Nthanda ikakwera pamwamba pa mtengo wa mbawa wa kuseri kwa khola, tinkadziwa kuti azana ya subuhi, yoitanira anthu kumzikiti m'bandakucha, yayandikira. Tikaswali, khasu paphewa, mame akunyowetsa chitenje mpaka m'maondo. Kumunda palibe amene ankafunsa kuti nthawi ili bwanji. Ntchito inali ndi malire ooneka ndi maso: kuchokera pachitsa ichi kukafika pamwala uwo. Ukafika pamwalapo, watha. Wamphamvu ankafika chithunzithunzi chake chikadali chachitali, wofooka ankafika chitalowa pansi pa mapazi, koma aliyense akafika ankaweruka, ndipo chotsala cha tsikulo chinali chake.

Masana anali a pansi pa mtengo wa mango. Wina akusenda nandolo, wina akuluka mnzake tsitsi, wina wangogona pamphasa pakamwa pali yasa, ndipo palibe womufunsa kuti wagoneranji. Dzuwa likafooka tinkapita kukatunga madzi, kenako kusinja. Kusinja nakonso kunali ndi mathero ake. Chimanga chikayera, mtondo ugonekedwe, basi. Sunkapitiriza kumenya mtondo wopanda kanthu kuti apongozi amve kuti ukugwira ntchito.

Ndipo chaka sichinali chofanana. Dzinja linali lankhanza. Udzu unkatithamangitsa, ukapalira uku kwinaku wamera kale, manja matuza okhaokha, m'mimba muli gwa chifukwa nkhokwe zatha. Koma tikakolola n'kututa, chilimwe chinali chathu. Maukwati, zinamwali, kukacheza kwa abale masiku anayi osaganiza zobwerera, amuna akuluka mphasa pabwalo nkhani zili mkamwa. Sindikunena kuti unali moyo wofewa. Msana wa amayi anga unapindika iwo asanakalambe, ndipo zaka zina tinkagona titangomwa madzi. Koma panalibe munthu amene ankagula tsiku lako lonse, kuchokera kum'mawa mpaka kumadzulo. Chitsulo choitana anthu kuntchito ndinayamba kuchimva nditakwatiwa kale, ku esiteti ya fodya, kapitawo akumenya gudumu lakale la thirakitala lopachikidwa pamtengo. Amuna anga anagwirako chaka chimodzi n'kusiya. Anati sangakhale mbuzi yodikira kuti wina aimasule.

Kwathuko ulemu wa mkazi unali pamwala paja. Wofika msanga ndiye ankatchulidwa pakati pa anthu kuti uyu ndi mkazi. Ine ndinali wotero, ndipo ndi chinthu chokhacho chimene ndinabwera nacho ku Doha chimene mayi wa ku Makanjira analibe.

Choncho nyumba ija ndinaiyeza ndi maso ngati munda. Ife awiri tinali titagawana: iye pamwamba, zipinda zogona ndi kusita, ndi majilisi, chipinda chachikulu cholandiriramo alendo. Ine pansi ponse, khitchini, masitepe, mabafa ndi bwalo. Ndikangoswali subuhi ndinkayamba. Wotchi inalipo pakhoma, koma ine ndinkayang'ana mthunzi wa mpanda pabwalo. Mthunziwo usanachoke pa thanki ya madzi, ndinali nditakolopa paliponse, mbale zili mbee, bwalo lothiridwa madzi. Ndikatero ndinkatenga kampando kapulasitiki, kukakaika kuseri kwa khitchini pafupi ndi makina ochapira, kumasula mpango pang'ono, kutambasula miyendo. Pamenepo ndiye panali pansi pa mango panga.

Mnzangayo ndinkamuona ndili pompo. Zenera limodzi la majilisi ankatha kulipukuta mpaka azana ya zuhuri, dzuwa lili paliwombo. Ankatulutsa matambula oyera kale m'kabati, kuwatsukanso, kuwapukuta limodzilimodzi, kuwabwezera. Malaya amodzi a abwana ankawasita ngati akusisita mwana wodwala. Ndinkachita naye manyazi.

"Galasi limenelo mulibowola," ndinamuuza tsiku lina.

"Likabowoka ndipeza ntchito yosesa magalasi," anayankha osatembenuka. Kenako anatsitsa mawu. "Anganga, mwakhala pansi pa diso."

Anandilozera ndi chibwano pakona ya denga. Panali kanthu kakuda kozungulira ngati nthudza. Anati ndi kamera, madamu amaona zonse pa foni ali kuntchito kwawo.

"Aone," ndinatero. "Yanga ndatha. Abwere adzapeze fumbi."

"Sakufuna fumbi iwowo. Akuwerenga maawazi amene mwakhala pansi. Ndipo nyumba ino inu simunaione. Panopa kukutentha, ana akuluakulu anapita kunja ndi agogo awo, alendo sakubwera. Dikirani kuzizire. Dikirani Ramadani."

"Mwanawe, ine ndinayamba kugwira khasu amako asanakwatiwe."

"Eya, koma kuno kulibe khasu."

"Ntchito ndi ntchito."

"Chabwino, a safunsa," anatero, n'kubwerera pazenera lake.

Kampando kaja sindinakasunthe. Ndinaganiza kuti ndikakabisala kumene diso silifika, madamu aziti ndikuba. Ndinaganizanso kuti ndi bwino aone okha kuti nkhalamba imatha ntchito wachitsikana akadali pazenera limodzi. Mawu aja a ana ndi alendo ndinawamva, koma ndinawataya. Ine amene ndinakula ndikudziwa kuti munda uli ndi dzinja ndi chilimwe, sindinaganize kuti nyumba nayo ili ndi nyengo zake. Ndinafika m'chilimwe chake n'kuyesa kuti ndi mmene imakhalira chaka chonse.

Kuyambira pamenepo m'nyumbamo munalowa kachisanu. Tinkagona chipinda chimodzi, mabedi moyang'anizana, koma chikwama changa ndinkachiika kumutu. Mnzangayo akamalankhula ndi madamu m'Chiarabu n'kuseka, ine ndinkaima kuseri kwa chitseko ndi mopu m'manja, kumvetsera mawu amene sindinkawamva. Akandipatsa tiyi ndinkadikira kuti ayambe wamwa iye. Akandiuza kuti sopo uyu si wa pamatailosi a m'bafa, ndinkakayesa kaye pakona kuti ndione ngati akunama. Sankanama, koma ndinkati wochenjera amanena zoona pa zing'onozing'ono.

Chimene ndinachita mwezi wachiwiri ndicho chimandisowetsa mtendere mpaka lero. Ndikatha ndime yanga ndinasiya kukhala pakampando. Ndinayamba kukwera pamwamba, kukayala mabedi ndi kukolopa zipinda zimene zinali za mnzangayo. Kwathu ukatha ndime yako n'kulowa m'mizere ya mnzako, ndi chifundo, amakuthokoza. Koma ine sichinali chifundo. Ndinkafuna diso lija lione.

Mnzangayo anandipeza pamasitepe tsiku lachitatu, ndowa ili m'manja mwanga.

"Anganga, pamwamba mukukatani?"

"Kukuthandizani."

"Ndinakupemphani?"

"Munthu wamkulu sadikira kupemphedwa."

"Mukudziwa chimene mukuwaonetsa? Mukuwaonetsa kuti nyumba yonse ndi ya munthu mmodzi."

"Ndiye mukuopa kuti mmodziyo si inu?"

Sanakwiye, ndipo kusakwiyako kunandiopsa kuposa mkwiyo.

"Ine ndikufuna tikhale tonse," anatero. "Inu mukufuna kupambana. Pitani mukakolope."

Patapita masiku, Loweruka lina masana, madamu anamutuma mnzangayo kumsika ndi dalaivala wa pakhomopo. Atangotuluka pageti, madamu anandiitana pabalaza. Nthawi imeneyo ndinali nditatola timawu tingapo ta Chingerezi ndi Chiarabu, ndipo iwo analankhula pang'onopang'ono, akuloza ndi dzanja. Anafunsa kuti pansi amakolopa ndani. Ndinati ine. Nanga pamwamba? Ndinati masiku ano ine. Anafunsa ngati ndimatopa. Ndinawongola msana n'kuyankha ndi mawu amene ndinaphunzira kwa dalaivala, oti palibe vuto: "Mafi mushikila, madamu."

Anagwedeza mutu. Anakhala pampando wawo waukulu, foni ataigoneka pamaondo, akundiyang'ana kuchokera kumapazi mpaka kumutu. Ndi pamenepo pamene ndinamuona bambo uja wa pachulu, ndodo ili pamaondo. Khutu langa linatentha ngati azakhali alikoka kachiwiri. Ndinabwerera kukhitchini n'kutsegula mpopi kuti madamu asamve mmene ndinkapumira.

Ndinamuuza mnzangayo madzulo ake, tikupinda zovala. Sindikudziwa chimene chinandiuzitsa. Mwina ndinkafuna anditukwane. Anasiya thawulo limene ankapinda n'kukhala pansi.

"Munati chiyani?"

Ndinabwereza.

"Mafi mushikila," anatero, akuseka kuseka kopanda mano. "Chiarabu chonse chija, munasankha kuphunzira chimenecho." Kenako anati, "Ana anga atatu, anganga. Wamkulu akulemba mayeso chaka chino."

"Nanenso ndili ndi adzukulu."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndinakuuzani tsiku loyamba."

Kunali kutatsala milungu itatu. Tinagwirizana kuti ndisiye kukwera pamwamba, ndipo yanga ndiziiyala mpaka swala ya asiri, dzuwa litapendeka. Iye ndiye ankandiphunzitsa. Mukakolopa chipinda, bwererani ndi nsanza youma. Mbale musaziunjike, muzitsuka imodzi, kupukuta, kukaika, kubwera. Mukatopa musakhale pansi, imani pafupi ndi kabati chitseko chili chotsegula.

Ndikuuzeni zoona, sindinagwirepo ntchito yowawa ngati imeneyo. Kupalira m'dzinja kunali bwino. Manja anga ankathamanga okha, ndimazindikira nditafika kale pakhomo la bafa lomaliza mthunzi ukadali pa thanki, ndiye ndibwererenso kukayamba kupukuta poyera. Kuima tsiku lonse kunanditupitsa mapazi. Kale ndinkagwira mwamphamvu n'kupuma mokwanira, tsopano sindinkagwira kwenikweni ndiponso sindinkapuma. Ndipamene ndinadziwa kuti mayi uja pazenera paja sankachita ulesi. Ankasunga mphamvu, komanso ankasungira malo munthu wachiwiri, aliyense amene akanakhala.

Zinatha masiku asanu ndi anayi. Tsiku lakhumi madamu anabwera kuntchito msanga n'kutiitana tonse m'khitchini, pamalo omwe aja a tsiku lachiwiri. Anaika foni patebulo n'kutionetsa zithunzi ziwiri za kamera. Pa china ndinali pakampando, miyendo ili tambasu, nthawi ili isanakwane leveni. Pa chinacho ndinali ndikadali ndi mopu m'manja nthawi itadutsa fili koloko. Analankhula mwachangu, m'Chiarabu chokhachokha, akuyang'ana ine. Womasulira anali yemwe uja.

"Anganga," anatero mnzangayo, mawu ake ali phee, "akufunsa kuti mwezi watha munkatha m'mawa, pano mukutha madzulo, kodi mukudwala?"

Kenako mnzangayo anaonjezera mawu akeake.

"Ndikuuzeni zonse kuti musadzati ndinakubisirani. Mukati mukudwala, akupititsani kuchipatala, ndipo munthu wodwala wa msinkhu wanu samusunga. Mukati simukudwala, ndiye kuti ntchito ya m'mawa ija ndi imene ili yoona. Chotsatira mukuchidziwa."

"Palibe yankho lina?"

"Akudikira."

Makina ochapira anali akuzungulira kuseri, ndipo ndinkawamva ngati ali m'mutu mwanga. Ndinayang'ana manja a mayiyo. Anali atagwira m'mphepete mwa tebulo, zala zitayera. Ndinaganiza za adzukulu anga, makamaka wamng'ono amene mayi ake anamusiya m'manja mwanga, amene ndinamusiyanso m'manja mwa mchemwali wanga. Ndinaganiza zotsika basi pa Namwera miyezi itatu yokha itatha, anthu akufunsana kuti agogo aja abwera kale? Ndinaganizanso kuti mayiyu akhoza kutembenuza mawu anga, ine osadziwa. Akanatha. Palibe akanamugwira.

"Auzeni kuti sindikudwala."

Anatembenukira kwa madamu n'kunena. Mawu ake anali ochepa, ndipo awiri mwa iwo ndinawamva, chifukwa anali omwe aja ndinaphunzira kwa dalaivala. Anamasulira ndendende. Madamu anatenga foni yawo, anati halasi, kutanthauza kuti zatha, n'kukwera pamwamba.

Sanadikire n'komwe kuti miyezi itatu ikwane. Lachinayi lotsatira anamuuza mnzangayo kuti alongedze, dalaivala akamusiya ku ofesi ya ejenti. Ndinapambana ine.

M'mawa mwa tsiku lonyamuka mnzangayo sanalire, sanandinenenso chilichonse choipa. Ananditenga n'kundiyendetsa nyumba yonse ngati akupereka munda kwa wogula. Anandionetsa kumene kumakhala miphika ikuluikulu ya Ramadani, ina yoti mwana akhoza kusambiramo. Anandionetsa makapeti opindidwa m'sitolo amene amayalidwa alendo akabwera, ndi mmene ungakokere imodzi wekha osathyoka msana. Anandiuza kuti mwana wachiwiri wa madamu sadya anyezi wooneka, ndipo agogo awo amafuna khofi asanapemphe. Pomaliza anatulutsa kabotolo ka mafuta m'chikwama chake.

"Muzipaka maondo mukaswali subuhi, musanayambe masitepe."

"N'chifukwa chiyani mukundipatsa?"

"Chifukwa kukubwera dzinja, anganga, ndipo mulima nokha."

Ndinangoti muyende bwino. Geti litatsekeka ndinatsegula kabotolo kaja n'kununkhiza, kenako ndinapaka pang'ono pamkono n'kudikira tsiku lathunthu kuti ndione ngati patuluke zilonda. Ndi mmene ndilili. Sipanatuluke kanthu.

Kumene ali sindikudziwa. Ena akuti anapeza nyumba ina ku Rawdat Al Khail, ena akuti anadikira kwa ejenti mpaka anamukweza ndege. Onse onena ndi anthu amene sindingawatume ngakhale mchere. Foni yake imalira koma sayankha, ndipo sindimuimba mlandu.

Dzinja lija linafikadi. Kutangoyamba kuzizira, ana anabwera ndi agogo awo ndi masutikesi osawerengeka. Lachinayi lililonse majilisi amadzaza, matambula aja amene ndinkamuseka nawo amatuluka onse ndipo sakwana. Mabafa amene ndinkatsuka kamodzi pano ndimatsuka katatu. Nyumba ino tsopano ilibe mwala woti ukafikapo unene kuti ndatha. Ukatsiriza pansi, pamwamba pada kale. Mthunzi wa mpanda ndinasiya kuuyang'ana, umachoka pa thanki n'kubwereranso mbali ina ine ndisanakhale pansi. Kampando kaja kakadali kuseri kwa khitchini, ndimaikapo dengu la zovala.

Ndinayesa kamodzi kuwauza madamu kuti ntchito yachuluka. Ndinasonkhanitsa timawu tanga tonse. Anamwetulira, osati mwankhanza ayi, n'kundibwezera mawu anga omwe: mafi mushikila. Si munthu woipa mayiyu. Chakudya sandimana, Lachisanu lina amandilola kutuluka. Anangoyeza ndi nsungwi imene ndinawapatsa ndekha.

Mlungu wathawu ndinachita chizungulire pamasitepe. Ndinakhala pansi ndowa ili pakati pa miyendo, khoma likuyenda, mtima ukugunda m'makutu. M'nyumba munalibe munthu, ana ali kusukulu, agogo awo ali mtulo. Chinalipo ndi diso lija lokha pakona, ndipo ndinadzikakamiza kudzuka msanga lisanawerenge zambiri. Ndinagwira chitsulo cha masitepe n'kuyamba kuchipukuta kuti zioneke ngati ndinakhalira ntchito. Ramadani ili pafupi, miphika ija ndaitsitsa kale n'kuiyang'ana. Kontirakiti yanga yatsala ndi chaka ndi miyezi, ndipo ndatsimikiza mtima kuti ndiitsiriza, Mulungu akalola.

Ine sindinazolowere kupempha, ndipo amene mukuwerenga izi ambiri a inu sindikukudziwani mitima. Ena mukatenga nkhaniyi kukaseka nayo ku Al Muntazah, ndikudziwa. Sekani. Koma inu a kwathu amene mumadutsa ku Madinat Khalifa, madalaivala, alonda opita kukalowa ntchito, amayi otumidwa kushopu, geti lake sindilitchula pano, amene amandidziwa akulidziwa. Tsiku lililonse asiri ikangotha ndimatulutsa zinyalala panja, mpango wanga ndi wobiriwira. Mukandiona chepetsani liwiro, munene kuti anganga mwaswera bwanji, ndimveko mawu a kwathu. Musandifunse zambiri, sindikuyankhani. Musandibweretsere kanthu, sindilandira. Koma mukadutsa masiku awiri otsatizana osandiona pagetipo, musangoti mwina nkhalamba yatanganidwa. Imani, mugogode, mufunse za ine mpaka munditulutsire panja mundione ndi maso anu.